Kabokosi ka mafupa a woyera: Brasso ayi chonde

Mayi ena okhala ku Leeds anditumizira imelo sabata yathayi. Akuti pamsika wa zinthu zakale anagula kachinthu kozungulira ngati wotchi ya m'thumba, kutsogolo galasi, mkati muli kansalu kofiira ndi kapepala kolembedwa "ex ossibus", kumbuyo ukatsegula chivundikiro muli ulusi ndi chinthu chofiira cholimba. Funso lawo ndi loti kodi ndi golide weniweni, nanga angakapukute ndi Brasso, mankhwala opukutira zitsulo, kuti kawale?

Mayi, Brasso yo ibwezeni kaye pashelefu. Chimene mwatolacho pa Chilatini amati theca, kosungiramo zotsala za oyera, ndipo mawu mwawerengawo akutanthauza kuti kachidutswa kali mkatimo kachokera ku mafupa. Zoti golide iwalani, tambiri ta m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800 ndi ta brass kapena siliva wopyapyala basi. Chofunika ndi chofiira cha kumbuyocho. Ndi phula lomwe anadindapo chidindo cha episkopi kapena mkulu wina wa mpingo pamwamba pa ulusi uja, kuti aliyense aone zoti sikanatsegulidwepo, ndiye mukangodula ulusiwo kapena phula n'kusweka ndiye kuti umboni wapita.

Yang'aninso bwino timaluwa tozungulira kafupako. Nthawi zambiri imeneyo inali ntchito ya asisitere, amadula timapepala topyapyala tam'mbali mwa golide n'kumatipinda kamodzikamodzi mpaka tioneke ngati waya wa golide. Pepala lenileni! Madzi akangolowamo zatha.

Ndipo musadandaule kuti kanu si kagolide, ngakhale zikuluzikulu zotchuka zija mkati mwake ndi mtengo. Bokosi la Mafumu Atatu (anzeru a kum'mawa aja) mu katedralo ya ku Cologne, Germany, lija analiyamba Nicholas wa ku Verdun cha m'ma 1180 n'kudzamalizidwa cha m'ma 1225, m'litali mwake limapitirira mamita awiri koma chigoba chake ndi matabwa, pamwamba anakhomapo timalata ta siliva ndi mkuwa topaka golide ndi miyala yamtengo wapatali. Mafupawo anabwera nawo kuchokera ku Milan mu 1164. Chifanizo cha woyera wotchedwa Sainte Foy ku Conques, France, chimodzimodzi, mtengo wovekedwa golide.

Koma ine amene amandigometsa ndi amisiri a ku Limoges, France. Amatenga chimbale cha mkuwa, n'kumagoba timaenje ndi tchizulo motsatira chithunzi, kusiya timizere tokwera pakatipakati, kenako kupera galasi lamitundu mpaka likhale ngati ufa, kulinyowetsa, kulithira m'timaenjemo n'kulowetsa m'ng'anjo. Galasi lija likasungunuka limatsika ndiye amabwerezanso kuthira ndi kuwotcha kangapo, pomaliza n'kupala ndi mwala mpaka zonse zisalale. Buluu wake uja mpaka lero amawala ngati apaka dzulo. Arkiepiskopi Thomas Becket ataphedwa mu katedralo ya Canterbury mu 1170 anthu a ku Limoges anapanga timabokosi tambiri tosonyeza kuphedwa kwakeko, bizinesi inayenda ndithu, ndipo poti muli ku UK komweko tsiku lina mukapite ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Victoria and Albert (V&A) ku London mukadzionere lina lalikulu bwino.

Nanga golide amamumata bwanji pa mkuwapo? Amasakaniza golide ndi mercury kukhala ngati phala, kupaka, n'kuyika pamakala kuti mercury auluke ngati nthunzi golide atsale atakakamira. Nthunzi imeneyo ndi poizoni, amisiri ambiri amadwala nayo, manja kunjenjemera, mano kugwedera. Ndiye golide wotsalayo ndi wopyapyala kuposa khungu la anyezi, ngati kanuko kali ndi golide wotere inu n'kubwera ndi Brasso kukwecha ngati poto wa nyemba, mphindi zochepa mwachotsa zomwe munthu anaziikira moyo pachiswe.

Fumbi lichotseni ndi kaburashi kofewa kouma, kasungeni kutali ndi dzuwa ndi hita chifukwa phula limafewa. China, lamulo la mpingo, canon 1190, limaletseratu kugulitsa zotsala za oyera, n'chifukwa chake amalonda amazemba n'kumati iwo akugulitsa kabokosi kokha, zamkatizo ndi mphatso. Inu kujambulani kutsogolo ndi kumbuyo, chidindocho chioneke bwino, mupite nazo kwa bambo mfumu a parishi yanu. Mufunsenso wogulitsa uja ngati panali chikalata cha Chilatini chobwera nako, kawirikawiri chimakhala ndi chidindo chofanana ndi cha paphulapo.