Funsani Amalume: Laputopu ndagula yantchito, msonkho utsika?

Amalume,
Ine ndimadzilemba ndekha ntchito kuno ku Salima, ndili ndi kashopu cha ku Kamuzu Road komwe ndimatayipa ma CV, kupanga makhadi a ukwati ndi maposita, nthawi zina malodge a ku Senga Bay amandipatsa ntchito ya mamenyu. TPIN, nambala ija ya wokhoma msonkho ya ku MRA, ndili nayo. Chaka chino ndagula laputopu ya K900,000 ku Lilongwe, yogwiritsidwapo kale ntchito, ndinalipira pa Airtel Money koma risiti sanandipatse. Mnzanga akuti ndikauza a MRA andibwezera ndalama yonseyo, zoona zimenezi? Madzulo ana amaonerapo mafilimu, ndinene kapena ndingokhala chete?
Mayi wa ku Kamuzu Road, Salima

Achemwali,
Mnzanuyo wamva theka la nkhani. A MRA sabwezera munthu ndalama yomwe wagulira katundu ayi, chomwe chimachitika n'chakuti ndalama zomwe mwawononga poyendetsa bizinesi zimachotsedwa pa zomwe mwapeza, ndiye msonkho amawerengera pa phindu lotsalalo. Ndiye ngati chaka chatha bwino mumalipira wocheperako, basi, palibe wobwera ndi K900,000 m'manja.

Komanso laputopu siyofanana ndi mapepala, inki, mayunitsi a ESCOM kapena mabandulo a intaneti. Zimenezo zimatha pompopompo ndiye mumachotsa zonse chaka chomwecho. Laputopu ndi katundu wokhalitsa, ali ngati bwato la msodzi lomwe limagwira ntchito zaka zambiri osati mafuta a injini othera ulendo umodzi, ndiye lamulo la msonkho, Taxation Act, limati muzichotsa pang'onopang'ono chaka ndi chaka, amati capital allowance. Pa makompyuta ndi 40 peresenti pachaka, ndipo amawerengera pa mtengo wotsala osati wogulira uja. Chaka choyamba 40 peresenti ya K900,000 ndi K360,000, yatsala K540,000, chaka chachiwiri muchotsa K216,000, chachitatu K129,600, kumatsika choncho. Palinso ina yongoperekedwa kamodzi chaka chomwe mwayamba kugwiritsa ntchito katunduyo, amati initial allowance, imeneyo mukaitchule polemba fomu chifukwa ambiri amaisiya osadziwa.

Koma musanasangalale, kaye kaoneni kuti munalembetsa msonkho wamtundu wanji, apa ndi pomwe anthu a mabizinesi ang'onoang'ono amasokonekera kwambiri. Ngati muli pa presumptive tax, uja wa mabizinesi ang'ono womwe amangoona ndalama zonse zomwe mwagulitsa pachaka, ndiye kuti nkhani yochotsa laputopu palibe, olo mutagula zitatu msonkho wake ndi womwewo chifukwa sawerengera phindu. Zochotsazi zimagwira kwa munthu amene amalemba retani ya income tax yoonetsa zolowa ndi zotuluka. Lowani pa Msonkho Online, webusaiti ya MRA, ndi TPIN yanuyo muone, kapena pitani ku ofesi ya MRA mukafunse maso ndi maso.

Tsopano za risiti, apa pandidetsa nkhawa ndithu. Munthu wa MRA akadzati onetsani umboni, mawu apakamwa sathandiza. Bwererani kwa amene anakugulitsaniyo, olo pa WhatsApp, akulembereni kapepala kokhala ndi dzina lake, tsiku, mtundu wa laputopu, mtengo ndi siriyo nambala (itembenuzeni, ili pa kasitika kapansi apo), asayine. Meseji ya Airtel Money ija musafufute, ijambuleni ndipo muisindikize pa printa yanu yomweyo, muphatikize ndi kapepalako mu fayilo imodzi. Ulendo wina mukamagula chinthu chodula chonchi mushopu muziumirira risiti ya mashini yovomerezeka ndi MRA, ndipo nayonso muziipanga fotokope tsiku lomwelo poti timapepala timeneti ndi kutentha kwa ku Salima kuno sitichedwa kufufutika, miyezi ingapo mupeza pepala loyera mbee.

Za ana ndi mafilimu, nenani. Lamulo limalola kuchotsa gawo lokhalo lomwe lagwira ntchito ya bizinesi, ndiye ngati mukuona kuti pa magawo anayi, atatu ndi a ntchito limodzi ndi la panyumba, pa K360,000 ija muchotsa K270,000. Sikuti pali wina adzabwera kudzasuzumira pawindo usiku, koma laputopu yoti imagona kunyumba tsiku lililonse n'kumati ndi ya ntchito yokhayokha, akafunsa mafunso awiri atatu mugwidwa nokha, ndipo chilango cha kunama pa retani chimawawa kuposa ka K90,000 komwe mumafuna kuonjezerako. Ine ndikanakhala inu ndikanangoisiya kushopu n'kuwapezera ana njira ina, ma CV a anthu ali mmenemo ndipo mwana akangodina polakwika ntchito ya kasitomala yapita.

China chomwe simunafunse koma chikukukhudzani. Malodge ndi mabungwe akamakulipirani nthawi zambiri amadulako withholding tax, ndalama imeneyo sinatayike, ndi msonkho wanu womwe mwalipiriratu. Muziwauza akupatseni satifiketi yake nthawi iliyonse, chifukwa pomaliza chaka imachotsedwa pa msonkho womwe mukuyenera kulipira, ndipo zikapezeka kuti anakudulani zambiri kuposa zomwe mumayenera, pamenepo ndiye mutha kupempha kuti akubwezereni yapamwambayo. Mwina ndi zomwe mnzanu uja anamva n'kuzisakaniza ndi za laputopu.

Mukadzaigulitsa laputopuyo mtsogolo muno mudzalembenso mtengo womwe mwagulitsira, chifukwa ukaposa mtengo wotsala m'mabuku, yapamwambayo imabwerera ku phindu la chaka chimenecho ndipo imakhomeredwa msonkho.

Amalume