Mwana akufuna graphics card: kodi ndi ya magemu okha?

Funso: Ndine mayi wa ku Salima. Mwana wanga wa Fomu 4 akundivutitsa kuti ndimugulire graphics card, ati imuthandiza pa maphunziro a kompyuta. Ine ndikuona ngati akufuna yosewerera magemu. Kodi akundinamiza?

Yankho: Mayi, mwanayo sakunama, koma ndalamazo muyambe mwasunga.

Kachipangizo kameneka, komwe ena amati GPU, kanapangidwadi kuti zithunzi za magemu ziziyenda bwino. Koma taonani m'mene kamagwirira ntchito. CPU, yomwe ndi ubongo wa kompyuta iliyonse, ili ngati alimi ochepa odziwa ntchito zonse za kumunda. GPU ndi khamu la aganyu owokera mpunga kudambo: aliyense akudziwa ntchito imodzi yokha, koma ali zikwizikwi ndipo akuwokera nthawi imodzi. Masamu ofunika kubwereza kambirimbiri, GPU imawatha msanga kwambiri.

Akatswiri ataona zimenezi anayamba kuipatsa ntchito zina. Cha m'ma 2007 kampani ya Nvidia inatulutsa CUDA, njira yolembera mapulogalamu oyenda pa GPU. Mu 2012 Alex Krizhevsky ndi anzake a ku yunivesite ya Toronto anaphunzitsa kompyuta kuzindikira zithunzi pogwiritsa ntchito makhadi awiri okha a magemu, a GTX 580, n'kupambana mpikisano wa ImageNet. AI (nzeru zopangidwa za makompyuta) yomwe yatchukayi inakulira pamenepo. Lero GPU ikuthandiza kulosera zanyengo, kuunika zithunzi za m'chipatala ndi za setilaiti, komanso kukonza mavidiyo. Ngakhale anyamata ojambula maukwati kwanu konko amapindula nayo.

Nanga ndikukuletsiraninji? Choyamba funsani ngati kompyuta yake ndi laputopu. Ngati ndi choncho, khadi yotere ilibe polowa pa malaputopu ambiri. Ikakhala ya padesiki, dziwani kuti khadi yapakatikati ngati RTX 3060 payokha imadya mphamvu pafupifupi 170 watts. Magetsi akathima, kasola ka pakhomo sikangayikwanitse.

Chachikulu kwa ine n'chakuti khadiyo siphunzitsa munthu. Ntchito yaikulu ya GPU yagona pa masamu a matrix ndi vector, ndiye mwana amene akuthawa masamu koma akulilira khadi, ine ndimamukayikira. Alimbikire masamu ndi physics kuti pa MSCE akhoze bwino. Maphunziro a kompyuta ku MUBAS, ku MUST, ku UNIMA kapena ku Mzuni amafuna masamu olimba, ndipo posankha ophunzira safunsa kuti kwanu muli ndi makina otani.

Pakadali pano ayambe kuphunzira Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta. Mawebusayiti a Google Colab ndi Kaggle amalola munthu kugwiritsa ntchito GPU yawo kudzera pa intaneti mwaulere, kungoti maola ake ndi owerengeka. Inu mungomugulira bandulo, ndipo kompyuta yakale yomweyo ikwanira.

Mayeso akatha, muuzeni akuonetseni chimene wapanga yekha, kaya kapulogalamu kosiyanitsa chithunzi cha chambo ndi cha kampango. Simukuyenera kumvetsa zonse, ingoonani ngati kakugwira ntchito ndipo iye akutha kufotokoza. Akayamba kudandaula kuti maola a Colab akumuthera ntchito ili pakati, pamenepo mukambirane zogula. Ngakhale khadi yogwiritsidwapo kale ntchito ingathandize, bola wogulitsayo ayiyese inu mukuona, chifukwa zina zimakhala zotopa ndi ntchito yokumba ndalama za pa intaneti zotchedwa crypto usana ndi usiku.