Necromunda ku Zomba: musayambe ndi kugula tizidole

Mnyamata wina wa ku Chikanda wandilembera imelo. Akuti anaona pa YouTube anthu akusewera Necromunda, masewera a patebulo omenyanitsa magulu a tizidole, ndipo anatengeka mtima, koma mtengo wa tizidole take, kuphatikizapo ndalama zotumizira kuchokera ku UK, wamufooketsa. Akufunsa ngati n'zotheka kuyamba kuno.

Achimwene, n'zotheka. Masewerawa anatulutsidwa ndi kampani ya Games Workshop ya ku Nottingham, ku UK, mu 1995, n'kudzawakonzanso mu 2017. Nkhani yake imachitikira mu Hive Primus, chimzinda chosanjikizana mpaka kumitambo, komwe olemera amakhala pamwamba pomwe kunsi magulu a zigawenga akulimbirana malo. Nyumba zikuluzikulu, kutanthauza mafuko omwe maguluwa amachokerako, zilipo 6: Goliath, Escher, Orlock, Van Saar, Delaque ndi Cawdor. Gulu limodzi limakhala ndi anthu pafupifupi 10 okha, osati chikhamu cha asilikali cha mu Warhammer 40,000, masewera ena a kampani yomweyi. Mwayi wathu uli pamenepo.

Kukoma kwake kuli mu kampeni, mndandanda wa ndewu zotsatizana zomwe mumasewera ndi gulu limodzimodzi. Mumayamba ndi makirediti 1,000, ndalama za m'masewerawa, olembera anthu ndi kugulira zida. Ndewu ikatha, zotsatira zake sizifufutika: uyu watsala ndi diso limodzi, uyo wafa, winayo wakhwima ndipo wapeza luso latsopano. Sabata yamawa mumabweranso ndi gulu lomwelo, zipsera ndi mangawa ake omwe. Kamnyamata komwe munkakaderera kakapulumuka kangapo, mudzayamba kukabisa kuseri kwa khoma, kuopa kukataya. Zimenezi sizidalira pulasitiki wa ku UK ayi.

Pofunika thukuta lanu ndi pa bwalo lomenyeranapo. Pamafunika nsanja, milatho, makwerero ndi pobisala pambiri, chifukwa patebulo poyera wa mfuti yowombera patali amamaliza aliyense. Tolani makatoni mumsika wa Zomba, zidutswa za mapaipi, zitini ndi mawaya. Amene anakhomapo galimoto ya mawaya ali mwana, izi sizingamuvute.

Anthu anu apangeni ndi kakatoni kotalika masentimita 3, koimikidwa pa chitsekerero cha botolo. Kutalikako musakunyalanyaze, poti wowombera ayenera kumuona mdani wake. Onjezani madayisi a mbali 6 ndi tepi ya atelala, chifukwa mtunda amayeza m'mainchesi.

Ndalama yoyamba ipite ku buku la malamulo. Pezani anzanu atatu kapena anayi a ku Matawale kapena ku Chinamwali, musonkherane, ndipo mmodzi akhale wosunga kaundula wa ovulala ndi malo omwe gulu lililonse lalanda.