Kwa achimwene a ku Mpondabwino: musanalandire anyamata a atachimenti

Achimwene, mwafunsa ngati mulandire anyamata awiri a ku koleji ya ntchito zamanja ya Nasawa amene akufuna atachimenti, kutanthauza kudzaphunzira ntchito kwa kanthawi, pa shopu yanu yowotcherera, komanso ngati muyenera kumawalipira. Ine ndine kalipentala kuno ku Chinamwali, ndipo ana angapo ophunzira ntchito adutsa m'manja mwangamu. Alandireni, koma pokhapokha ngati muli ndi nthawi yowaphunzitsa. Ngati mukufuna anthu osesa ndi kunyamula zitsulo mwaulere, alekeni akafune kwina, mungawatayitse miyezi yawo.

Mwana wochokera ku koleji amabwera ndi buku lolembamo zimene waphunzira, inu n'kumasainira. Bukulo musamangosaina ngati risiti. Tsiku loyamba khalani naye pansi muone zimene akuyenera kudziwa pobwerera kusukulu. Ngati mwezi wonse inu mukupanga mawindo okhaokha pomwe iye akufunika kudziwanso za geti ndi chitseko, muuzeni zoona, kapena pemphani mnzanu woyandikana naye amutenge masiku angapo. Chimandipweteka kwambiri kuona mnyamata watha miyezi itatu pa shopu, ntchito yake kugula chiwaya ndi kupenta, chowotcherera sanachigwirepo. Kwa ine sabata yoyamba mwana amaphunzira kuwerenga tepi ndi kunola pulena. Thabwa la mlombwa sakhudza. Ndimamupatsa zidutswa za paini kuti alakwitse pa zotchipa. Inunso sungani zidutswa za zitsulo, aziyesererapo pamene magetsi alipo. ESCOM ikathimitsa, imeneyo ndi nthawi yomuphunzitsa kuyeza, kudula ndi hakiso, ndi kuwerengetsera kasitomala mtengo, chinthu chimene ambiri amamaliza sukulu asakuchidziwa.

Za ndalama, funsani kaye ku koleji kapena ku TEVETA zimene dongosolo lawo likunena pa ana amenewa. TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, inakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1999, ndipo olemba anthu ntchito amapereka msonkho (levy) wa 1 peresenti ya malipiro a antchito awo kudzera ku MRA kuti maphunziro aluso aziyenda, choncho musachite manyazi kuwafunsa. Koma kaya pepala linena zotani, mwana wanjala sagwira galayinda bwino. Ambiri achokera kutali, akuchita lendi kachipinda ku Chikanda kapena ku Sadzi, ena akubwera wapansi. Ine ndimapereka nsima ya masana, ndalama ya sopo, ndipo oda ikatuluka yomwe wagwirapo, ndimamugawirako. Mugwirizane zimenezi poyamba ndipo muzilembe: ayamba liti, amaliza liti, aziweruka nthawi yanji, mudzimupatsa zingati, nanga akaononga chipangizo zikhala bwanji. Tsamba limodzi lakwana, asaine iye, inu ndi mphunzitsi wake kapena kholo.

Pamene ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi pa ngozi. Chaka china ndinali ndi mnyamata wakhama, wosachedwa kugwira zinthu. Ndinatuluka kukaona kasitomala, ndinamusiya akupala matabwa pa makina. Anaona kathabwa kafupi kakukana kulowa, anakakankha ndi dzanja. Pobwera ndinapeza magazi pa utuchi, anzake atamumanga chala ndi nsanza ya vanishi. Chalacho anachisoka kuchipatala, koma mpaka lero sichipinda. Wolakwa ndinali ine, chifukwa ndinali ndisanamuonetse kamtengo kokankhira, ndiponso ndinamusiya yekha. Kuyambira pamenepo wophunzira sayatsa makina ine kulibe. Kwa inu owotcherera nkhani ndi maso ndi magetsi. Mugule chigoba chowotcherera cha aliyense, osati magalasi akuda a pamsika. Mwana akayang'ana moto uja ndi maso, usiku sagona, amamva ngati mwalowa mchenga, ndipo ambiri amabisa poopa kuoneka ofooka. Mawaya osenda aja amene ife akale timangowalumpha, akonzeni iwo asanafike. Dziwaninso kuti lamulo la chipukuta misozi kwa ovulala pa ntchito limawerengera ndi wophunzira ntchito yemwe, ndiye akavulala simungati si wantchito wanu. Nkhaniyo imafika ku ofesi ya zantchito.

Anthu akadzaona kuti mukuphunzitsa, makolo a m'dera adzayamba kukubweretserani ana awo. Funsani chitupa cha unzika kapena cha kubadwa. Lamulo la zantchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wa zaka 14 mpaka 18 sayenera kupatsidwa ntchito yoika moyo wake pachiswe kapena yomulepheretsa sukulu. Ndipo akabwera mtsikana, mulandireni ngati wina aliyense, muwauziretu anyamata anu kuti zomuseleula pa shopu ayi.

Ena amanena kuti mukawaphunzitsa adzakulandani makasitomala. Mmodzi wa amene ndinawaphunzitsa ali ndi shedi yake ku Songani, ndipo ndikapanikizika ndi oda ya madesiki ndi iye amene ndimamuimbira, chifukwa ndikudziwa mmene amalumikizira matabwa.

Shopu yanu ngati ili ndi makina amodzi, yambani ndi mmodzi, winayo adzabwere ulendo wina. Musanavomere, imbani ku koleji mutsimikize kuti kalata yawo ndi yeniyeni, ndipo mutenge nambala ya mphunzitsi amene azibwera kudzawayendera.