Tsiku la ofu ku Cape Town: yankho kwa mng'ono wanga wa ku Mchini

Mng'ono wanga, funso lanu ndaliwerenga m'mawa ndili pa msika wa Kapata kuno ku Chipata, ndipo tsiku lonse lakhala lili m'mutu mwanga. Mwati muli ndi miyezi isanu ku Cape Town, mukugwira ntchito ya m'nyumba, ofu yanu ndi Lamlungu lokha, ndipo tsikulo mumangochapa, kugona ndi kuyang'ana foni mpaka kuda. Mwafunsa kuti anzanu amatani pa tsiku lotere, ndiponso ngati si kulakwa kutaya ndalama pokaona malo pamene amayi ndi ana ku Mchini akudikira ya lendi ndi ya sukulu. Ndaona kuti ena akuuzani kuti munapitira ntchito, simunapitire kuyenda. Ine sindigwirizana nawo, chifukwa mawu omwewo ndinawamvera zaka ziwiri zathunthu ndipo anatsala pang'ono kundidwalitsa.

Ndinakhala kumeneko zaka zisanu ndi chimodzi, ndikusamalira agogo ena okalamba, ndipo ndinkachita lendi kachipinda ku Wynberg. Zaka ziwiri zoyambazo ndinkadziwa njira zitatu zokha: ya kuntchito, ya kusitolo ndi ya kokatumiza ndalama. Phiri la Table Mountain ndinkaliona pawindo ngati chithunzi cha pakalendala. Ndinkadziuza kuti randi iliyonse imene ndalipira basi ndailanda m'kamwa mwa ana anga. Koma tulo tinayamba kusowa, mutu unkawawa tsiku ndi tsiku, ndipo amayi akaimba foni ndinkawayankha mokalipa popanda chifukwa. Ndalama zinkafika kumudzi, inde, koma wozitumizayo anali kutha ngati sopo.

Amene anandichotsa m'chipindamo ndi mayi wina wachikulire wa ku Dedza amene tinkapemphera naye. Tsiku lina titaweruka kutchalitchi anangondigwira dzanja n'kunena kuti lero simubwerera kunyumba. Tinakwera sitima pa Wynberg pomwepo kulowera ku Muizenberg. Mng'ono wanga, ife a ku Chipata madzi aakulu amene tikuwadziwa ndi Luangwa, amene timawaona pa mlatho popita ku Lusaka. Nditatsika sitima n'kuona madzi opanda tsidya, ndinakhala pansi pamchenga osatha kuyankhula. Ndinavula nsapato, mafunde anandimenya m'miyendo, ndipo ndinalira, koma sikunali kulira kwa m'chipinda kuja. Usiku umenewo ndinagona mpaka m'mawa. Ndalama ya tikiti yopita ndi kubwera sinafike n'komwe pa ya bandulo imene ndikadaithera pa foni tsiku lomwelo.

Choncho yambani ndi sitima imeneyo. Ikadutsa Muizenberg imayenda m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, moti mafunde amaoneka ngati alowa pawindo. Tsikani pa Kalk Bay mukaone asodzi akutsitsa nsomba padoko. Kuli nsomba ina yaitali yotchedwa snoek, yaminga yambiri koma yokoma, ndipo ikafika nyengo yake imatsika mtengo. Ine ndinkaigula, kuithira mchere, kuikazinga ndi tomato ndi anyezi, n'kudyera nsima. Kumapeto kwa njanjiyo kuli Simon's Town, ndipo pafupi pake pali Boulders Beach pamene pamakhala mapengwini, mbalame zosauluka zoyenda chilili ngati tiana tongophunzira kuyenda. Musanakwere funsani pasiteshoni ngati tsikulo sitima ikufika kumapeto kapena ikuthera pa Fish Hoek. Ku Boulders kumalipiritsa, koma nyamulani pasipoti yanu, chifukwa anthu a m'maiko a SADC, Zambia ili momwemo, amalipira mtengo wotsika kuposa alendo ochokera kutsidya kwa nyanja. Anzathu ambiri sadziwa zimenezi ndipo amabwerera pageti ataona mtengo wa azungu.

Za nyanjayo ndikuchenjezeni ngati mkulu wanu. Musalowe m'madzi pamalo opanda opulumutsa anthu, ndipo sambani pakati pa mbendera zimene amazika pamchenga. Nyanja si dambo. Madzi ofika m'chiuno okha amatha kukukokerani mkati. Ku Muizenberg mukamva sailini, tulukani msanga, ndiye kuti aona shaki. Madzi a mbali ya Sea Point ndi Camps Bay ndi ozizira ngati a m'filiji ngakhale dzuwa liswe mtengo, pamene a mbali ya Muizenberg ndi ofundirako.

M'tauni muli zambiri zosafuna ndi kobiri lomwe. Company's Garden ndi munda wakale umene Adatchi anauyamba atafika mu 1652 kuti azilimamo ndiwo za amalinyero, ndipo lero ndi malo amitengo opumirapo aliyense. Agologolo a mmenemo amadya nshawa m'manja mwa munthu. Ndinkakhala pabenchi ndi thumba la nshawa, ndikukumbuka za Chalimbana zimene amayi ankaanika pabwalo. Potulukira pake, mu msewu wa Adderley, pali Slave Lodge pamene ankasungira akapolo, ena mwa iwo ogwidwa ku Mozambique ndi ku Madagascar, ndipo moyandikana nayo pali Groote Kerk, tchalitchi chakale cha Dutch Reformed. Ine ndinakulira mu mpingo wa Reformed Church in Zambia (RCZ), choncho nditaima pamenepo ndinakumbuka kuti amishonale a Dutch Reformed ndiwo anafika ku Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1899. Kuona nyumba ya akapolo ndi nyumba ya Mulungu zitayandikana chotero kunandipatsa maganizo ambiri, ndipo mpaka lero sindinawamalize. Mukatsikira ku Grand Parade, yang'anani khonde la City Hall. Pamenepo ndi pamene Nelson Mandela anayankhulira kwa anthu pa 11 Febuluwale 1990, tsiku limene anatuluka m'ndende. Ndipo ngati tsiku lina lantchito abwana akutumani m'tauni n'kumva kuphulika 12 koloko masana, musathawe. Ndi mzinga wa pa Signal Hill umene amaomba tsiku lililonse kupatula Lamlungu ndi masiku a tchuthi.

Phiri lija limene mukuliona pawindo, Table Mountain, kukwera ndi miyendo n'kwaulere. Ndi lalitali mamita opitirira 1,000, ndiye musaliyese phiri lathu la Kanjala. Njira imene ambiri amadutsa ndi ya Platteklip Gorge, masitepe amiyala okhaokha, ndipo ine ndinatha maola atatu ndikupumira m'njira. Nyamukani m'mamawa, tengani madzi okwanira ndi juzi ngakhale kunja kukutentha, chifukwa pamwamba nyengo imasintha mwadzidzidzi. Mukaona mtambo woyera utayala pamwamba ngati nsalu ya patebulo, tsikulo si lokwera. Ndipo musapite nokha, ngakhale pang'ono. M'njira za m'phiri mumachitika zauchifwamba, ndipo munthu woyenda yekha ndiye amene amamufuna. Ife tinkapita asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndi mbatata yophika ndi mazira m'chikwama. Kuli kangolo koyenda pachingwe kamene kanayamba kunyamula anthu mu 1929, koma n'kodula. Ndinakakwera kamodzi kokha, potsika, tsiku limene maondo anakana.

Pali ulendo umodzi umene ndikukupemphani kuti muusungire ndalama, ngakhale zitenge miyezi itatu: wa ku Robben Island. Boti limanyamukira pa V&A Waterfront, tikiti muguliretu, ndipo kukakhala mphepo yamkuntho ulendo amauimitsa. Pa zaka 27 zimene Mandela anakhala m'ndende, 18 anazithera pachilumba chimenecho, kuyambira 1964 mpaka 1982. Amene anatiyendetsa m'ndendemo anali bambo amene iwonso anamangidwapo momwemo. Anationetsa kachipinda ka Mandela, kochepa kuposa khichini yanga ya ku Kapata, muli mphasa, bulangete ndi ndowa basi. Tinaonanso mgodi wa laimu pamene akaidi ankaswa miyala padzuwa mpaka maso kuwonongeka ndi kuwala kwake. Atafunsa kumene aliyense wachokera, ine n'kunena kuti Zambia, bambowo anasiya kuyankhula, anabwera n'kundigwira chanza ndi manja awiri. Inu ndinu wamng'ono, mwina simukudziwa bwino chifukwa chake. Nthawi ya tsankho likulu la ANC, chipani cha Mandela, linali ku Lusaka, mtsogoleri wake Oliver Tambo anakhala kwathu zaka zambiri, ndipo Mandela atangotuluka, mwezi womwewo wa Febuluwale 1990, anabwera ku Lusaka kumene a Kaunda anamulandira. Kuntchito ndinali wopukuta pansi ndi kusintha zofunda za okalamba. Pamsewu ndinali mlendo amene ena ankamuyang'ana ndi diso loipa akamva chilankhulo. Koma tsiku limenelo ndinabwerera pabotipo ndikudziwa kuti dziko langa lili ndi dzina m'mbiri ya dziko lawo, ndipo Lolemba lake ndinalowa ntchito mutu uli m'mwamba. Zimenezi bandulo sikadandipatsa.

Sikuti Lamlungu lililonse muzikhala paulendo. Nyengo yake siilola n'komwe. Kumeneko mvula imagwa Juni, Julayi ndi Ogasiti, nthawi imene kwathu kuno tikukolola ndi kuwotha moto kunja kopanda mtambo, ndipo imabwera ndi mphepo yolowa m'mafupa. Masiku otere tinkasonkhana m'chipinda cha mmodzi, wina abweretse kapenta, wina nyemba, wina therere, tiphike nsima yolimba ya kwathu, tilukane tsitsi, tiyimbe nyimbo za kwaya. Kumapeto kwa Ogasiti tinkaonera Kulamba wa ku Mkaika pa foni imodzi tonse, ndipo kumapeto kwa Febuluwale Nc'wala ya ku Mtenguleni chimodzimodzi. Pa 24 Okutobala tinkavala zitenje za mbendera ngakhale tili ochepa. Amalawi kumeneko ndi ambiri zedi, mudzamva Chichewa pa renki ya matakisi ndi m'masitolo, ndipo ndi iwo amene amadziwa kogula usipa ndi ufa wabwino. Apatseni moni. Safunsa anadya phula. Ikafika Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 8 koloko usiku, moti ngakhale mutaweruka ntchito mungathe kukayenda m'mphepete mwa nyanja ku Sea Point kukadali kowala. Kumayambiriro kwa Januwale pali tsiku limene misewu ya m'tauni imadzaza ndi magulu oimba ndi ovina ovala zonyezimira, ndipo kuonerako n'kwaulere.

Kusamala ndiye kusamale ndithu. Ine foni anandilanda kamodzi, madzulo ndikuchokera kusiteshoni, chifukwa ndinkayenda ndikuyankhula nayo. Kuyambira pamenepo foni inkakhala m'kati mwa chovala, ndinkabwerera kunyumba kusanade, ndipo m'sitima ndinkalowa m'bogi mmene muli anthu ambiri. Mapepala anu akhale olongosoka, ndipo muzikhala ndi fotokope yake m'chikwama. Koma kubedwa foni sikunandibwezere m'chipinda muja.

Tsopano nkhani ya kumudzi, imene ndikuona kuti ndiyo ikukuvutani kwenikweni. Vuto limayamba ndi zithunzi. Mukaika pa Facebook chithunzi muli panyanja, achibale ena amati mwalemera, ndipo mawa lake mafoni opempha amachuluka. Wina amafika ponena kuti ana akudya nsima ya mchere mayi wawo akusangalala ku Joni. Mawu amenewo amalasa, ndinawamva ndi makutu anga. Chimene ndinachita ndi ichi. Ndikalandira malipiro, ndinkayamba ndatumiza ya kunyumba, kulipira lendi, kuika ya chilimba, kenaka ndinkapatula kochepa m'kaenvulopu kolemba kuti ya Lamlungu. Imeneyo sindinkaikhudza pa china chilichonse, ndipo sindinkapepesa nayo kwa munthu. Amayi ndinawauza zoona zonse, kuti ulendo wa panyanja ndi wa ndalama zakuti, ndipo umandithandiza kugona. Anandiyankha kuti ngakhale ng'ombe ya pangolo amaimasula goli madzulo kuti ikadye msipu. Zithunzi ndinasiya kuika poyera, ndinkatumiza kwa ana anga okha pa WhatsApp. Mwana wanga wamkazi anapita ndi chithunzi cha mapengwini kusukulu kukaonetsa aphunzitsi ake, ndipo mpaka lero amanena za phiri lathyathyathya ngati anafikako yekha.

Mlendo ndi mame, mng'ono wanga. Agogo amene ndinkawasamalira atamwalira, ntchito inatha mwezi womwewo, ndipo ndinabwerera ndisanafike ku Cape Point kapena kukaona anamgumi ku Hermanus, zimene ndinkangoti chaka chamawa. Zimandiwawabe. Chinandipweteka koposa n'chakuti kumeneko azungu akamva kuti ndine wa ku Chipata ankasangalala n'kuyamba kundisimbira za South Luangwa, pamene ine wobadwira pakhomo pake ndinali ndisanapondeko ku Mfuwe. Chaka chimene ndinabwerera ndinatenga ana anga awiri ndi amayi, tinakwera basi ya ku Mfuwe, msewu wake ndi watala tsopano, ndipo ife nzika timalipira mtengo wotsika pageti. Tinaima pa mlatho wolowera m'pakimo tikuona mvuu zitadzaza mumtsinje. Amayi anali ndi zaka 68, ndipo tsiku limenelo ndi limene anaona nyamalikiti koyamba.

Lamlungu likubwerali mukaweruka kutchalitchi musavule nsapato. Pezani mnzanu mmodzi, ikani buledi ndi botolo la madzi m'chikwama, mukakwere sitima ya ku Muizenberg. Ndilembereni ku inbox dera limene mukukhala, ndikuuzeni pokwerera, ndiponso ndikulumikizeni ndi amayi a kwaya amene ndinawasiya ku Wynberg, chifukwa amapitabe kuphiri mwezi ndi mwezi.