Kukumbukira malemu amene ankaphunzitsa ana table tennis

Wina watilembera kuchokera ku Nchalo. Akuti bambo amene ankaphunzitsa achinyamata table tennis kwawoko anamwalira miyezi ingapo yapitayo, ndipo osewera akufuna kuwakumbukira, koma m'thumba muli zochepa ndipo sakudziwa poyambira.

Pepani ndi zovutazi, achimwene. Konzani mpikisano waung'ono wa chaka ndi chaka, wolimbirana chikho cha dzina lawo. Koma musanagule kanthu, pitani awiri kapena atatu kwa mayi amasiye ndi mwinimbumba mukapemphe dzinalo. Eni ake asadzangoliona pa Facebook. Mukafunsenso ngati akonza tsiku la chiliza, kuti masiku asawombane.

Mwezi wabwino ndi June kapena July. Kuyambira January mpaka March simungadalire msewu wa M1, mukukumbukira zimene anachita namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, ndiye anzanu a ku Bangula ndi Nsanje akhoza kulephera kufika. Mu October ndi November ku Nchalo kumatentha kupitirira madigiri 40, holo ya malata imakhala ngati uvuni, ndipo fani singakuthandizeni, chifukwa kampira kamalemera magalamu 2.7 okha, kamphepo pang'ono kamakakhotetsa. Ndi chifukwa chomwecho mawindo oyang'anizana ndi tebulo amatsekedwa.

Ambiri amalakwitsa powerengera nthawi. Osewera 16 agaweni m'magulu anayi a anthu anayianayi. Gulu lililonse limasewera masewero 6, onse pamodzi 24. Awiri apamwamba pagulu lililonse alowe m'chipulula, komwe kuli masewero ena 7, ndiye onse akwana 31. Mukawerengera mphindi 15 pa sewero limodzi, tebulo limodzi likudyerani pafupifupi maola 8, ndipo fainolo idzaseweredwa kuli mdima, a kutali atathamangira minibasi. Bwerekani tebulo lachiwiri, ndipo m'magulu wopambana akhale amene watenga maseti awiri pa atatu. Seti imatha pa mapointi 11, aliyense amaseva kawiri, zikafika 10-10 amasinthana kamodzikamodzi mpaka wina atsogole ndi mapointi awiri.

Ngati lachiwirilo ndi la kalipentala, liyezeni: mamita 2.74 mulitali, 1.525 mulifupi, masentimita 76 kuchoka pansi, neti masentimita 15.25. Gwetsani kampira kuchokera pa masentimita 30, kadumphe pafupifupi 23. Kakalephera ndiye kuti thabwa ndi lopyapyala kapena linamwa chinyezi. Penti ikhale yosanyezimira. Timipira gulani 24 tolembedwa 40+, chifukwa tina timapondedwa, tina timasweka. Mabati musawasiye padzuwa, rabala amamatuka m'mbali.

Za ndalama tinene mosabisa: mphotho za ndalama ndi mpunga wa nyama ndi zimene zimapha mipikisano yotereyi chaka chachiwiri. Gulani chikho chimodzi chozungulira, mulembetse dzina la malemu pa kachitsulo, wopambana achisunge chaka chimodzi atasaina m'buku kuti adzachibweza. Chake chenicheni chikhale mendulo. Zotsala mugulire madzi akumwa, ndi kulipirira mayi amasiye ulendo wawo. Zopereka zonse zilembedwe m'buku lomwelo, asunge anthu awiri, ndipo muziwerenge pagulu tsiku lomwelo.

Poti malemuwo ankakonda ana, musasiye gawo la osapitirira zaka 15, ngakhale atabwera asanu ndi mmodzi okha. Iwowa ayambe m'mawa anthu asanatope. Bati ya malemu musaipereke ngati mphotho. Iikeni pa katebulo pafupi ndi chithunzi chawo, ndipo madzulo ibwerere kunyumba kwawo.

Mwambo wotsegulira usapitirire mphindi 20: pemphero, kukhala chete mphindi imodzi, wa kubanja mmodzi alankhule, kenako mmodzi mwa ana amene anawaphunzitsa. Amfumu ndi alendo ena muwauziretu kuti mawu awo adzakhala pa nthawi yopereka chikho, apo ayi sewero loyamba lidzayamba dzuwa lili paliwombo.