Tsiku la chipulula: kodi ndipite kumalo ovotera?

Sabata yatha mayi wina anandilembera imelo. Akuima koyamba pa chisankho cha chipulula m'chipani chawo, ndipo akufunsa ngati tsiku lovota ayenera kukaima pafupi ndi malo ovotera kumapereka moni, kapena n'kudzivuta chabe poti anthu amabwera atasankha kale mumtima.

Mayi, pitani. Koma ntchito yaikulu ya tsikulo ili kwa anthu anu amene sanafike.

Ine ndinaimapo kamodzi, ndinagwa. Ndinafika kusanache, ndinagwira anthu chanza mpaka dzanja kuuma. Kenako ndinathera pafupifupi ola lathunthu kunyengerera bambo wina amene ankangogwedeza mutu mwaulemu, chonsecho anali wa mnzanga wopikisana naye kuyambira kalekale. Madzulo ndi pamene ndinamva kuti agogo ena amene anandilonjeza voti anatandala pakhonde, atavala kale, khadi lili m'manja, kudikira woti awatenge chifukwa mwendo unkawavuta. Palibe anapita. Mpaka lero zimandiwawa, osati chifukwa cha voti yokha, koma poti anandikhulupirira.

Chipulula chimasiyana ndi chisankho chachikulu chifukwa obwera amakhala ochepa, ndiye wopambana ndi amene watulutsa anthu ake m'nyumba. Mu 2018 ku New York, Alexandria Ocasio-Cortez, yemwe anali asanakhalepo pa mpando uliwonse, anagwetsa pa chipulula Joe Crowley, phungu yemwe anakhala m'nyumba ya malamulo kuyambira 1999. Anapambana atapeza mavoti osakwana 17,000, m'dera la anthu mazanamazana a zikwi. Ndipo akatswiri ofufuza za ndale, Alan Gerber ndi Donald Green, atafufuza mumzinda wa New Haven ku America mu 1998, anapeza kuti kuyendera munthu khomo ndi khomo kumamudzutsa kukavota kuposa kalata kapena foni. Nkhope imakoka. Choncho usiku woti mawa ndi tsikulo, khalani pansi ndi anthu anu, mulembe maina a onse amene anakulonjezani, dzina lililonse likhale ndi womuyang'anira. Ikamakwana nthawi ya masana mudziwe amene wafika ndi amene sanaoneke, ndipo wina anyamuke kukagogoda.

Za poima, funsani malamulo a chipani chanu ndi a dziko lanu musanapite, chifukwa malo ambiri salola kampeni pakhomo penipeni. Ku America nkhaniyi inafika mpaka ku khoti lalikulu, lomwe mu 1992 linavomereza lamulo la ku Tennessee loletsa kukopa anthu mkati mwa mafiti 100, pafupifupi mamita 30, kuchokera pakhomo la malo ovotera. Imani pamene mwaloledwa, moni wanu ukhale waufupi: dzina lanu, zikomo kuti mwabwera, basi. Munthu amene wasiya ntchito zake safuna msonkhano wina.

Pali china chimene sindinachikonzekere n'komwe. Kumene amavota pofola kumbuyo kwa wopikisana, monga Kenya inachitira mu 1988 ndi njira yotchedwa mlolongo, mumaona ndi maso anu amene wakukanani. Ngakhale kukhale kuvota kwachinsinsi, mumadziwabe: munthu amene dzulo munaseka naye lero akudutsa atazyolika. Mtima umapsa, ndikudziwa. Mpatseni moni ndithu, ndipo mumutchule dzina. Ameneyo ndi wa chipani chanu, ndipo mukapambana mudzamufuna pa chisankho chachikulu. Mipando yambiri imatayika chifukwa wogwa pa chipulula anachoka atakwiya n'kukaima payekha, mavoti n'kugawikana.

Nthawi yowerenga ikafika, mamonita anu asachoke mpaka pepala la zotsatira litasainidwa, ndipo atenge lawo. Asankheni odekha, odziwa kuwerenga bwino, osati okuwa. Ngati pali chokhota, lembani dandaulo tsiku lomwelo mwa njira ya chipani.

Ine nditagwa ndinaimbira foni wopambanayo usiku womwewo, mawu akunjenjemera. M'mawa mwake ndinapita kwa agogo aja kukapepesa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa kuti ndidzaimanso liti.

Mayi, mudzandilembere zikatha, ndikufuna kudzamva mmene zayendera.